Mthunzi wa Winnet

Kuseri kwa nyumba ya Cyprian, m'dera la Unit G, kunali boti. Odutsa mumsewu ankaima n'kusuzumira pampanda, ena n'kumaseka, poti m'Chitungwiza monse munalibenso wina woweta boti pakhomo ngati mbuzi. Linali laling'ono, lokwera anthu atatu. Linabwera ndi malemu bambo ake, a Saulos, pamene mzungu amene ankamuphikira ku Hatfield anasamukira ku Joni dziko litangolandira ufulu. Zaka zisanu linagona chafufumimba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

M'chaka cha 1986 Cyprian analitembenuza. Ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo pagalaja ina ku Harare, choncho manja ake sankaopa kanthu. Anamata chiboo chapansi, anapala penti wakale mpaka zala zinachita matuza, anasema nkhafi ziwiri, kenaka anapaka boti lonse penti wobiriwira ngati tsamba la mpiru. Zitsulo zitatu zopindika zogwira denga anaziwongola n'kuzibwezera m'malo mwake. Chinatsala chinali chimodzi: denga lenilenilo. Lakale linali litafumbwa, moti atangolikhudza linayoyoka ngati phulusa.

Wina akanati boti limayenda ngakhale lilibe denga. Koma ili silinali boti lophera nsomba. Linali la Winnet, bwenzi lake.

Winnet anabadwa ndi khungu lachialubino. Dzuwa limene anzake ankaothera, iye linkamusiyira zilonda pakhosi ndi m'manja, motero kulikonse ankayenda ndi ambulera. Tsiku lina akuchokera kutchalitchi anaima poyang'anana ndi damu la pamtsinje wa Hunyani, ndipo anati chapansipansi, "Ine ndimalota ndili pakati pamadzi paja, masana dzuwa lili pamutu, manja onse awiri ali m'madzi. Onse awiri, Cyprian. Popanda logwira ambulera."

Cyprian atafika kunyumba anathamangitsa nkhuku zija pansi pa boti.

Tsono panali chinthu china chimene chinkamudya mumtima kuposa dengalo. Mayi ake a Winnet, a Lena, anali telala pamsika wa Huruyadzo, ku St Mary's, pakhonde la sitolo ina. Makina awo ankasoka chilichonse, kuyambira madiresi a ukwati mpaka malona a anthu ogulitsa pamsika. Kale Cyprian akamadutsa ankamuitana, "Mwana wa a Saulos, tabwera kuno, tsitsi limenelo wakangana ndi chipeso?" Koma mu Ogasiti malume ake a Cyprian, a Obadiah, anakatula mawu ofunsira mbeta. Yankho linayenera kuchokera kwa mlongo wa a Lena, amene ankagwira ntchito kumgodi wa malasha ku Hwange, ndipo kalata yake inali isanafike. Kuyambira sabata imeneyo a Lena anasanduka munthu wina.

Cyprian sanabadwire kumudzi kwa makolo ake, anabadwira konkuno, anakulira pakati pa Ashona, ndipo ulemu umene ankaudziwa unali wakonkuno. Choncho Loweruka lina anavala malaya osita, anafika pakhonde paja, ananjuta pansi n'kuyamba kuomba m'manja monga ankaonera akamwini a kwa anzake akuchitira.

"Maswera sei, amai?" anatero m'Chishona. Kenaka anabwereza m'chinenero chawo, "Mwaswera bwanji, amayi?"

Makina anasiya kulira. A Lena anakokera chitenje kumutu, anatembenukira kukhoma, ndipo asanathe kuomba kachitatu anali atazemba kale kuseri kwa benchi ya tomato. Amayi ogulitsa anafa nacho chikhakhali. Cyprian anatsala chinjutire, manja ali m'malere.

Zinachitikanso kawiri. Kamodzi anakumana pamsewu wopita kokwerera mabasi, a Lena anawolokera tsidya lina, mpaka kuponda m'ngalande. "Sakundifuna," Cyprian anadziuza. "Akuona kuti sindingamusamale mwana wawo." Ndipo nkhaniyi sanauze munthu, ngakhale a Obadiah, chifukwa cha manyazi. Anangoganiza kuti akapeza denga labwino, loti dzuwa lisadutse ngakhale pang'ono, mwina mayiwo adzaona kuti iye si mnyamata wamasewera.

Anayamba kusakasaka. Kumsika wa ku Mbare bambo wina anamutambasulira lona la lole, lolemera ngati chikopa cha ng'ombe, lonunkha dizilo. "Ili ngakhale matalala salowa," anatero wogulitsayo. Cyprian analinyamula pang'ono n'kuona kuti likanagwetsa zitsulo zake zonse zitatu. Wina anamuonetsa pulasitiki wakuda, koma pansi pake pankatentha ngati mu uvuni. Mayi wina anali ndi chinsalu chamizeremizere chochotsedwa pakhonde la sitolo, chokongola ndithu, koma atachiyang'anitsa kudzuwa anaona timabowo tambirimbiri ngati sefa.

Pomaliza anatola matumba a feteleza, anawachapa, n'kuwalumikiza ndi waya. Lamlungu masana Winnet anabwera kudzaona. Anakwera m'boti lili pamtunda pomwepo, anapinda ambulera, n'kukhala pansi pa matumbawo. Kuwala kunadutsa ngati palibe kanthu.

"A Kaputeni," anatero akutsinzina, "ine mukufuna ndimere ngati chimanga?"

"Ndiwonjezera ena pamwamba."

"Ndiye mphepo ikadzabwera tidzakatera ku Unit C, anthu adzati kwagwa ndege." Anatambasulanso ambulera yake akuseka. "Bwanji osangopita kwa amayi? Mu St Mary's monse palibe wosoka lona kuposa iwo."

"Amayi ako akandiona amathawa ngati ndine wapolisi."

"Nanenso zikundidabwitsa. Ndikatchula dzina lako amangoti, 'Tadya, chakudya chikuzizira.' Ndikafunsa amati ana a masiku ano mafunso."

"Sananenepo kuti ndalakwa chiyani?"

"Ayi. Koma masiku ano akumakhoma kuchipinda kwawo, ndipo makina akumabwera nawo kunyumba. Akuti ndi ntchito ya munthu wina wovuta."

Lachitatu lotsatira Cyprian atatsika basi madzulo, dzuwa lisanalowe, anapita kuseri monga mwa chizolowezi. Anaima chilili. Pa chitsulo chilichonse panali timizere ta choko, titatu kumanja, titatu kumanzere. Pampando wa boti panagwera kachingwe kokhala ndi mfundo zinayi. Matumba ake a feteleza anali atachotsedwa, atapindidwa bwinobwino, n'kutsamiziridwa ndi njerwa.

Anafunsa mayi woyandikana naye nyumba. Mayiyo anati masana kunabwera munthu wamkazi atafunda chitenje kumutu, nkhope yosaoneka. Anazungulira botilo kangapo, analigogoda pansi ndi chala, analowamo n'kukhala kanthawi, kenaka anatuluka osalonjera aliyense.

Cyprian anazindikira pomwepo. Chitenje kumutu! Ndiye kuti a Lena anabwera kudzaona ndi maso awo, ndipo anapeza matumba a feteleza. Nanga chingwe chamfundocho? Anachitola ndi kamtengo, poopa kuti mwina ndi mankhwala, n'kuchiika m'chitini. Masiku awiri ankawotcherera zitsulo kuntchito maganizo ali ku Hwange, akuona kalata ikulembedwa, mawu ake atatu okha: mnyamatayo ayi ndithu.

Loweruka m'mawa belu la njinga linalira pachipata. Anali a Obadiah, thukuta lili kamukamu, pakaliyala atamangirira mtolo waukulu wokutidwa ndi mapepala.

"Iwe, tandilandira, msana wathyoka. Andituma ngati bulu chifukwa cha iwe."

"Amalume, musanakhale pansi, ndili ndi nkhani." Ndipo Cyprian anakhuthula zonse: za pakhonde pa Huruyadzo, za m'ngalande, za choko. Anabweretsa ndi chitini chomwe.

A Obadiah anasuzumira m'chitinimo. Anayamba ndi mapewa kugwedezeka, kenaka anakhala pansi pamphepete pa boti, akupukuta misozi ndi chipewa.

"Unanjuta? Pamaso pawo? Pamsika?"

"Ndinaombanso m'manja."

"Mayo ine! Mayi wa eni ake anavutika! Safunsa anadya phula, mwana iwe. Miyezi iwiri yonseyi pakamwa pako panali potseka ndi waya?" Anatulutsa chingwe chija n'kuchitambasula. "Uwu ndi muyezo. Telala wakale sayenda ndi tepi. Tsono tamvera. Kwathu ku Dowa, mlendo timamulonjera. Mwana wa mnzathu timamuseka tsitsi. Koma mkamwini, apongozi ake aakazi sayang'anana naye. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Kuno tchire kulibe, ndiye apatukire kuti? Si kuseri kwa tomato?"

A Obadiah anamuloza ndi chala n'kupitiriza.

"Akadapanda kukufuna, bwenzi akukulonjera mpaka lero, akukufunsanso za kuntchito. Kalata ya ku Hwange yafika Lachinayi, alongo awo avomera. Koma mayiwo anayankha kalekale mu Ogasiti. Iwe ndiye unali gonthi. Ndipo wopatuka amayenera kukhala iwe, osati kuwathamangitsira munthu wamkulu m'ngalande. Tamasula mtolowo."

Cyprian anamasula. Munali denga. Lona lake linali lofiirira, lopepuka koma lolukana kwambiri, la mtundu umene sunkapezekanso m'masitolo. Mkati mwake munali mutasokeredwa chitenje chabuluu kuti kutentha kusatsike. M'mbali zonse munali nsalu zolendewera, zomanga ndi timabatani, zoti n'kutsitsa dzuwa likapendeka. Atalikoleka, zingwe zake zinagwera ndendende pa timizere ta choko tija.

Pakona ina yakumbuyo panali zilembo za penti zofufutika. Cyprian anaziwerenga pang'onopang'ono: MESHACK GAMA, DOWA.

"Malemu bambo ake a Winnet," anatero a Obadiah, mawu atatsika. "Analigula tili anyamata, ndinali nawo tsiku limenelo. Ankati lidzafunditsa katundu pa ulendo wobwerera kumudzi. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Anamwalira lili pansi pa bedi, ndipo mayiwo sankalola munthu kulikhudza, ngakhale denga la nyumba litadontha. Lero alidula ndi lumo lawo lomwe." Anasisita zilembozo ndi chala. "Dzinali akanatha kulidula n'kutaya. Alisiya dala, kuti mwana wawo akakhale pansi pa bambo ake."

Cyprian analowa m'botimo n'kuyang'ana kumwamba. Dzuwa la Okutobala linali litakwera kale, koma palibe kadontho ka kuwala kamene kanadutsa.

"Ndikawathokoze bwanji, amalume, poti sindingawalankhule?"

"Wayambatu kufunsa! Udzawathokoza ndi msana."

Mawa lake, anthu atatuluka m'tchalitchi, Zebron, mnzake wa kugalaja, ananyamula botilo pagalimoto yake mpaka kudamu. Analitsitsira m'madzi, ndipo silinadonthe. Cyprian anali akubwerera kugalimoto kukatenga nkhafi pamene anawaona akutsika kanjira kopapatiza: Winnet patsogolo ndi ambulera yake, a Lena pambuyo atavala zakutchalitchi.

A Lena anamuona ndipo dzanja lawo linayamba kufunafuna chitenje. Koma ulendo uno Cyprian anawachita changu. Anadumphira kumbali, m'udzu wouma wodzaza chisoso, anavula chipewa, n'kutembenuka kuyang'ana mtengo wa mthethe ngati muli nkhani yaikulu mumtengomo.

Anamva mapazi akuyandikira. Anamva Winnet akudziletsa kuseka. Mapazi aja anaima kumbuyo kwake kwenikweniko.

"Winnet," anatero a Lena mokweza, ngati akulankhula ndi munthu wa kutali, "uwauze eni botiwo kuti nsalu ya kumadzulo aziyamba kutsitsa nthawi ikamakwana fili koloko masana, dzuwa likangopendeka. Asadikire kuti uchite kupempha."

"Amva, amayi."

"Uwauzenso kuti matumba a feteleza aja asataye. Ndi abwino kuyanikapo chimanga."

Cyprian anayankha akuyang'anabe mtengo uja. "Winnet, uwauze amayi kuti ndathokoza. Uwauze kuti dengali ndidzalisamala, ulusi wawo sudzaona dothi."

Kumbuyoko kunamveka kakutsokomola, kofanana kwambiri ndi kuseka. Kenaka mapazi anapitirira, kupita pamthunzi pamene a Obadiah anali atayala kale mkeka.

Atafika pakati padamu Cyprian anaika nkhafi pansi. Chisoso chinali chikumubaya m'masokosi, koma sanachilabadire. Winnet anayang'ana chitenje chabuluu pamwamba pake, anapeza zilembo zija pakona, ndipo anazigwira kwa kanthawi. Kenaka anapinda ambulera, anaigoneka pansi pa mpando, anagwada kutsogolo kwa boti kumene n'kopapatiza, n'kuviika dzanja lamanja mbali iyi, lamanzere mbali inayo.

"Akuzizira," anatero. "Cyprian, madziwa akuzizira masana ano!"

Kumtunda, patali, kachitenje ka a Lena kanali katakhala pamkeka katawafulatira. Koma nthawi ndi nthawi mutu unkacheuka.