Zitseko Ziwiri, Lizi Imodzi

"Ababa, lizi ikadzatha, nyumbayi tidzaisenza pamutu?"

Wezi anafunsa zimenezi ali mu Sitandade 2, chaka chimene bambo ake, a Chiukepo Gondwe, anagula theka la nyumba ya zitseko ziwiri pa Boma la Phalombe. Aliyense anaseka tsikulo. Tsopano Wezi anali pabanja ku Zomba, lizi ija, pangano lobwereka malo ku boma, inali pafupi kutha, ndipo a Gondwe anali padenga, nyundo ili m'manja, akukhomera lata limene mphepo ya kuphiri inakanganula.

Theka linalo linali la a Makina, telala wa pamsika. Khoma linali limodzi, denga limodzi, lizi imodzinso. A ku ofesi ya za malo sanazungulire: kuwonjezera lizi kunafunika onse awiri asaine, apo ayi puloti ibwerera ku boma. A Makina anasaina kalekale. Otsala anali a Gondwe.

"Aneba, lata mukulikhomalo lili mbali yanga," anatero a Makina ali pansi, atagwira makwerero. "Munthu wosamuka amakonzeranso mnzake denga?"

"Madzi akalowa kwanu amatulukira kwanga. Tandipatsani misomali."

"Misomali ndikupatsani. Nanga siginecha mundipatsa liti?"

Moyo wa pano unkawakoma a Gondwe. Anapuma pa ntchito ya zaumoyo ali ndi mphamvu, kuseri kwa nyumba kunali nandolo ndi mapapaya, ndipo kutchalitchi ankaimba besi. Koma lizi yatsopanoyo inali ya zaka 99, ndipo nambala imeneyi inkawalemera. Abale awo ku Rumphi ankatumiza mawu omwewomwewo: bwererani, mwana wamwamuna amagona pafupi ndi bambo ake.

A Gondwe anatsika pang'onopang'ono, nakhala pakhonde. Mayi Aliness, akazi a a Makina, anabweretsa mbale ya kalongonda, nyemba zija zophika tsiku lonse kuti ululu uchoke, n'kubwerera m'nyumba.

"Taonani mmene mukudyera," anaseka a Makina. "Mutangofika munkati ife Alomwe timadya poizoni. Lero mukunyambita zala. Ku Rumphi akakuphikirani ndani?"

"Mlendo ndi mame, a Makina."

"Mame anji osakamuka zaka zonsezi? Inu ndinu dambo!"

A Gondwe anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka nkhope inabwerera m'malo.

"Ndikuuzeni zoona. Nyumbayi ndimaikonda. Koma ndikasaina, abale anga adzati ndawakana. Tsiku langa likadzafika adzapinda manja, amvekere asiyeni, anasankha okha. Wezi ndi mkazi wanga sangathe kunyamula bokosi mtunda wonsewo. Ndidzagona pakati pa anthu osandidziwa."

A Makina anasiya kutafuna. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti mnzawoyo wapeza wogula, kapena watopa ndi phokoso la makina osokera.

"Ndiye vuto lake ndi limeneli? Osati nyumba, koma manda?"

"Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka."

"Kukana sindikukana. Komatu lizi ndi ya amoyo, aneba. Pepala lija silikunena kuti mukagone pati. Likungofunsa kuti mawa mudzuka pati."

A Gondwe anayang'ana phiri la Michesi, limene linali litavala mtambo. Sanali munthu wofulumira. Anatola njere imodzi ya kalongonda, naitembenuza m'zala.

"Kuyankhula n'kosavuta."

"Chabwino, imvani." A Makina anapukuta dzanja pathalauza. "Inu sainani, tikhale monga takhalira. Tsikulo likadzafika, ine ndidzapeza lole. Ndidzakhala kumbuyo pambali panu kuchoka pakhonde lino mpaka ku Rumphi, ndikakuperekeni m'manja mwa abale anu. Miyendo ikadzakana, adzapita mwana wanga Dyson. Ndimuuza lero lomwe, inu mukumva."

"Simudziwa n'Chitumbuka chomwe."

"Kulira kulibe chilankhulo."

"Nanga mukadzatsogola ndinu?"

"Aaa, ine ndine wotchipa. Kwathu ku Nkhulambe m'pafupi, ngakhale pa kabaza ndikafika. Inu mudzangoimba besi ija, koma osasokoneza nyimbo ngati Lamulungu lapitali."

A Gondwe anatambasula dzanja, a Makina analigwira, ndipo anagwirana nthawi yaitali kuposa moni wamba.

"Lolemba m'mawa mundigogodere pakhoma," anatero a Gondwe. "Tikapitire limodzi ku ofesiko."

"Ndidzagogoda. Koma lata lija mwalisiya ndi misomali iwiri yokha."