Mzere wa Pensulo pa Nsanamira

"Yafewa kwambiri iyi," anatero Tobin atakhala pa njinga yamoto ya bambo ake. Kumbuyo kunatsika ngati mpando wakutha. "Mdala anali atayamba kuiwala zinthu eti?"

Mlongo wake Maren anangoima pakhomo la galaja, manja ali m'matumba. Panali patatha masiku anayi bambo awo, Bambo Harlan, atamwalira ndi matenda a mtima, ndipo phulusa la thupi lawo lowotchedwa linali m'kabokosi patebulo la zida. Loweruka likubweralo anzawo a malemuwo anakonza zokaliwaza pamwamba pa phiri, ndipo mmodzi wa pabanja anayenera kulinyamula pa njinga ya malemuwo. Njingayo anaisintha okha kuti iziyenda pa chipale chofewa: kutsogolo chotsetserekera, kumbuyo lamba wa mano m'malo mwa teyala.

"Ndikufuna ndilinyamule ine," anatero Maren motsitsa mawu.

"Iwe? Si unathyoka mwendo komweko, iwo n'kukuletsa kukweranso? Zaka ziwiri osalankhulana, lero ndiye uwaperekeze? Tandipatsa sipanala, ndimange sipuling'iyi."

Mayi awo, a Lorna, analowa atavala jekete la amuna awo, manja a jeketelo atawapinda kawiri.

"Usaikhudze kaye. Bambo ako sankamanga sipuling'i mongoganizira. Wokwera akakhala, nsonga ya mpando izifika apo."

Analoza nsanamira ya pafupi ndi njinga. Panali mzere wa pensulo. Mpando wa Tobin unali pansi pake ndi zala zitatu.

"Ndiye iwowo ankaikwera bwanji? Ankandiposatu kulemera."

"Chaka chino sanaikwere. Ankangoisanjikiza matumba a chakudya cha galu, n'kuyeza, n'kumasula, n'kuyezanso." A Lorna anayang'ana pansi. "Anandifunsa kuti Maren akulemera bwanji masiku ano. Ndinati foni muli nayo, mufunseni nokha. Anangong'ung'udza."

Tobin anatsika pang'onopang'ono. Maren anavala chipewa cholimba chimene chinali pa alumali, n'kukwera. Anagwira chiwongolero. Njinga inatsika, koma inaima pamwamba pa mzere ndi chala chimodzi.

"Sinafike," anatero, mawu akumveka patali m'chipewamo. "Si ya ine ayi."

A Lorna anapita kuseri kwa chitseko. Pa msomali panali chikwama chatsopano cha kumsana, kapepala ka kusitolo kakadalendewera, m'kati muli fosholo yofukulira munthu chipale chikamukwirira. Bambo Harlan sankalola aliyense kukwera phiri wopanda fosholo. Malamba a chikwamacho anali atafupikitsidwa kale.

Maren atachibereka, mpando unatsika pang'ono n'kuima pa mzere penipeni.

Tobin anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anatenga kabokosi kaja ndi manja awiri, anatsegula chikwama kumsana kwa mlongo wake, n'kukaika pambali pa fosholo.