Bambo Anapezeka pa Khonde la Mzikiti

Atelala atadzuka m'mawa anapeza chitseko chili pululu, bambo awo kulibe.

Bambowo anali atayamba kuiwalaiwala. Lero amutche mwana wawo wamkaziyo "amayi", mawa amufunse kuti, "Kodi inu mukufuna ndani m'nyumba muno?" Atelala sanauzeko munthu. Ankaopa kuti anthu aziti mkulu wa mpingo wapenga.

Anathamangira kutchalitchi, anapeza kotseka. Kumsika anafunsa aliyense, wina akuloza uku, wina uko. Anabwerera kunyumba kawiri osadziwa chimene abwerera. Mutu unaima.

Pokhota msewu anakumana ndi mkazi wa akalipentala, oyandikana nawo nyumba. Mabanja awiriwa sankapatsana moni chikanganirane za phokoso. Atelala ankadandaula za chimkuzamawu cha kumzikiti, enawo za nyimbo za mapemphero a kunyumba kwa atelala.

"Mukufuna agogo? Ali kumzikiti," anatero mayiyo.

"Kumzikiti? Mwawatengera chiyani?"

"Sitinawatenge ayi. Abwera okha."

Atelala anangomutsatira. Anawapeza bambo awo atakhala pa benchi la pakhonde, akalipentala atagwada, akuwatsuka phazi limene linachekedwa ndi botolo. Mkuluyo ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ndipo panalibe wowaletsa.

"Abusa achedwa lero," anatero ataona mwana wawo. "Koma achimwene angawa andilandira bwino."

Atelala anasowa chochita, kaya kuseka, kaya kulira.

"Pepani, bambo. Sakudziwa pamene ali," anatero kwa akalipentala.

"Palibe chopepesa, mlongo wanga," anayankha akalipentala. "Mayi anga anadwala chonchi zaka zinayi, inu muli kutali kubanja. Tsiku lina anakakhala m'tchalitchi mwanu, mpando wakutsogolo weniweni. Amene anawagwira dzanja mpaka kunyumba ndi bambo anuwa."

Atelala anagwira pakamwa.

"Ndiye nditani ine? Ndiziwatsekera?"

"Ayi. Si misala iyi, ndi matenda oiwala amene amagwira okalamba ena. Pitani nawo kuchipatala akakulangizeni. Asokereni nambala ya foni m'malaya, inu ntchito ya singano simubwereka. Koma chachikulu, uzani anthu a mumsewu muno. Onse, osasankha."

Atelala anachitadi zomwezo, ngakhale khomo loyamba analigogoda ndi manyazi. Mwezi wotsatira bambowo anatulukanso kawiri. Ulendo woyamba anawabweza ndi wogulitsa mafuta wa kumzikiti, wachiwiri ndi mayi wa kwaya. Onse anafika nawo ali bwinobwino, akucheza ngati odziwana kalekale.

Matenda safunsa kuti munthu umapemphera kuti, ndipo misozi ya wodwazika ndi imodzi. Tikamabisa mavuto poopa a chipembedzo china, timadzitsekera thandizo limene lili pakhomo pathu pomwe. Tilolerane, tithandizane.