Mfundo ya Duku

"Kodi mkazi wa malemu ndi uti apa?"

Anafunsa ndi mayi wina wa Mvano wochokera ku Domasi Mission, atagwada pakhomo la siwa. Mayiyo anamwazamwaza maso, kenako nkhope yake inawala ngati wapeza mbale wake, n'kukwawira kwa Christobel, mlendo wa ku Blantyre, kukamupepesa. Esnath, amene anakhala pabanja ndi Everson Maliro zaka makumi awiri ndi zitatu, anangoyang'ana mphasa.

Mayiyo sanalakwe kwenikweni. Everson anali katswiri wa zisudzo. Chichokere kumudzi mu 1964, anadzaza maholo ku Blantyre ndi ku Zomba, analandira chikho cha mkuwa, ndipo galimoto ya kanema ikafika pa Songani n'kupachika nsalu yoyera, chigwa chonse chinkamuona. M'masewero onsewo mkazi wake anali Christobel. Esnath anapitako kamodzi kokha. Anaona mwamuna wake akuchotsa kachitsotso m'diso la mkazi wina, anthu akuimba mluzu, ndipo anabwerera kanema asanathe. Kunyumba Everson anali munthu wa mawu awiri: madzi, ndi zikomo.

Ataika maliro, Enock, mng'ono wa malemu, ananena kuti chikho chipite ndi Christobel, popeza ndi amene anavutika naye achimwene. Ananena mofatsa, ngati akupempha mchere. Esnath sanatsutse, koma chikhocho anakachibisa mudengu la nandolo.

M'mawa wa tsiku lometa anapeza Christobel kuseri kwa nyumba akumanga duku. Tsitsi lake linali lalitali, lowongoledwa ndi chipeso chamoto. Mfundo anaiika kumanzere, pamwamba pa khutu, n'kupisa nsonga mkati. Kwa Malemia konse munthu womanga choncho anali mmodzi, Esnath, pofuna kubisa chipsera chimene anapsa ali mwana.

"Mwamuna munatenga, chikho mukutenga," anatero Esnath. "Ndi mfundo yomwe?"

Christobel anatsitsa manja. "Anandiphunzitsa ndi iwo, mayi. Ndikamangira kumbuyo ankaimitsa sewero pakati, amvekere, Esnath samanga choncho."

Anafotokoza kuti silinali duku lokha. Everson anamuphunzitsanso kutsokomola pang'ono asanayankhe funso, kuseka atatseka pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, kugwada bondo limodzi. Tsiku lina anabwereza kagwadidweko mpaka bondo kusupuka. Za chifukwa chomangira kumanzere, Everson sanamuuzepo.

Esnath anagwira chipsera chake. Zaka zonsezi munthuyo ankamuyang'ana mpaka katsokomoledwe, osanena kanthu, n'kunyamula zonsezo kukaveka wina. Ndipo m'manja anthu ankaombera winayo. Anafuna kulira, koma anaona kuti mfundo ya Christobel yatsika kwambiri. Anaimasula, n'kuimanganso mwamphamvu mpaka Christobel anatsinzina.

"Apa," anatero. "Nanunso simunamve bwino."

Pabwalo Enock anali atanola kale lumo, abale atakhala pamzere. Anafunsa ngati mlamu wake wachipeza chikho chija, poti basi ya ku Blantyre sidikira munthu.

Esnath anatsokomola pang'ono. Kumbuyo kwake Christobel anatsokomolanso, mosadziwa.

"Chikho sichichoka pano, alamu," anatero Esnath, akumasula duku lake. "Ndipo awa muwamete pamodzi ndi ine."