Dzina la Faustina Pabotolo

Faustina atatsika minibasi pa Kaluluma, analunjika kwa amalume ake, a Yobe. Amayi ake anali atamuimbira foni kuti bala limene amalumewo anapsa pamwendo, balani ya fodya itagwira moto, layamba kununkha.

Anawapeza pakhonde, mwendo atausanjika pampando. Pabalapo pankanyezimira zinthu zobiriwira.

"Mwapakapo chiyani apa, amalume?"

"Si mankhwala ako omwe aja?" anatero a Yobe, akumupatsira kabotolo. Pakapepala komatapo panalembedwa kuti: Jeli wa Dokotala Faustina, womeretsa mitsempha ya magazi. Faustina atanunkhiza, anamva fungo la jeli wopaka m'tsitsi.

Mtima unamuwira. Kwa zaka zinayi anakhala mu labu ya payunivesite ina kunja, akulera tizidutswa ta khungu m'timbale tagalasi. Khungu lotere limafa mitsempha ya magazi ikapanda kumera mkati mwake, ndipo ikamera mwachisawawa imachucha. Iye ankayesa kupanga jeli wosunga madzi, wotulutsa mankhwala pang'onopang'ono, kuti mitsempha imere pofunikira pokha n'kuleka ikakwana. Anazifotokozapo kamodzi kokha pawailesi. Jeliyo anali asanayesedwepo pa munthu ndi mmodzi yemwe.

A Yobe anamuuza kuti anagula kabotoloko kwa Levison, ndipo Faustina anakamupeza Levisonyo pamsika atandandalika mabotolo patebulo. Iye sankamudziwa Faustina nkhope.

"Tengani, mayi! Anapanga ndi mwana wa konkuno, wophunzira zedi."

"Mwanayo ndine. Ndinakupatsani liti zimenezi?"

Levison anaseka. "Inu mukuchedwa nazo, achemwali. Anthu akuvutika lero. Ine ndikungowathandiza."

"Kuwathandiza? Amalume anga atha milungu itatu osapita kuchipatala chifukwa cha inu! Amayesa kuti ndine ndikuwachiza. Mwendo ukuwola, inu mukuseka?"

Anthu anaunjikana. Faustina anatsegula botolo limodzi n'kulipereka kwa amayi ogulitsa tomato. Linayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akununkhiza.

"Aa! Koma ndi wa tsitsi uyu!" anakuwa mayi wina. "Ine ndakhala ndikupaka mwana wanga!"

Phokoso litakula, Levison anasiya tebulo n'kuzemba kuseri kwa magolosale. Faustina anakokolola mabotolo onse n'kukawasiya kupolisi.

Masana omwewo anawakweza a Yobe pagalimoto ya matola kupita kuchipatala. Mwendo unapulumuka, koma zala ziwiri za kuphazi anazidula.

Ali pabedi, a Yobe anamufunsa Faustina:

"Nanga mankhwala ako enieniwo udzamaliza liti?"

"Sindikudziwa, amalume. Mwina zaka khumi."

Iwo anatembenukira kukhoma. Patatha sabata, Faustina anamva kuti Levison waoneka ku Lisasadzi ndi mabotolo atsopano.