Chitseko Chofiira cha ku Sikirapu

Etta anamukonda Henderson chifukwa cha mmene ankaikambira vani yake. Anyamata ena a ku Barking nkhani zawo zinali mashifiti ndi mabasi, koma iye ankasisita chiwongolero n'kumati, "Mayi awa akwatiwa katatu. Anabadwa ali Sherpa ku Birmingham uko, kenako Freight Rover, Leyland DAF, lero LDV. Mayina okha, mafupa ndi omwe aja."

Loweruka lina, chaka chimene fakitale ya mavaniwo inatsekedwa, ananyamuka ulendo wa ku Romford kwa a Biswick, amalume a Etta, kuti mnyamata akaonekere. Koma chitseko cha mbali ya Etta chinali chodyeka ndi dzimbiri, chomanga ndi chingwe, ndipo Henderson anakana kukaima nacho pakhomo pa akuluakulu. Anakhotera ku sikirapu, kotayira magalimoto akufa.

"Mphindi khumi basi, anesi anga."

Etta anatsala m'galimoto, mtima uli kale ku Romford. Pofuna kansalu kopukutira nsapato, anatsegula kabokosi ka kutsogolo. Munagwa laisensi yakale ya ku Malawi. Nkhope inali yomweyo, ndi kachipsera ka pachibwano komwe, koma dzina linali Killian Nyasulu.

Mwini wake anabwera atasenza chitseko chofiira, akumwetulira. "Cha agogo ake ichi, Leyland DAF, koma chilowa bwinobwino." Ataona chimene chinali m'manja mwa Etta, anachitsitsa pansi.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndine. Henderson ndi msuweni wanga. Pobwerera kumudzi anandisiyira mapepala ake. Ndimadyera dzina lake."

"Ndiye zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikupempherera munthu wina?"

"Mulungu amadziwa amene umanena."

"Usandiseketse, iwe. Amalume akakufunsa dzina, mudzi, mfumu. Mawa lomwe aimba foni kwanu."

Killian anayang'ana kumbali. "Henderson ali ndi mkazi ndi ana atatu."

"Nanga ukanena dzina lakolo?"

"Pofika Lamulungu tchalitchi chonse chidziwa kuti ndilibe mapepala. Kamwa imodzi yokha, andikweza ndege."

Anamanga chitsekocho, ndipo chinalowadi, chofiira pa vani yoyera. Njira yonse Etta ankayeserera dzinalo chamumtima, Killian, Killian, ngati nsapato ya eni. Ankafuna kumumenya, ankafunanso kuti msewuwo usathe.

A Biswick anatsegula atavala jekete, n'kutambasula dzanja. "Takulandirani, bambo. Paja mwati ndinu a ndani?"

"Killian Nyasulu, wa ku Rumphi."

Dzanja lija linaima m'malere. A Biswick anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawo. "Etta, uja umatiuza tsiku ndi tsiku si Henderson?"

Pakhomo amalumewo sanasunthepo. Etta anagwira dzanja la Killian, lakuda bii ndi girizi.

"Ndi yemweyu, amalume. Tiloleni tilowe, kapena tikambire pompano."