Phewa la Luwiza

Pamsika wa pa Boma ku Mchinji, telala wa zovala za akazi anali mayi Tabeth basi. Enawo, kunena zoona, ankangosoka matumba. Diresi la Tabeth linkakhala pathupi ngati munthu wabadwa nalo.

Ndiye ataona kuti phewa lakumanja la mwana wake Luwiza layamba kukwera kuposa linzake, mtsikanayo ali Sitandade 6, Tabeth sanauze munthu. Poyamba ankati ndi ndowa, namuletsa kusenza madzi. Phewa silinamve. Ndipo pakamwa pa anthu apamsika mukupadziwa inu: mayi malonda akumuyendera, mwana n'kupindika msana, m'mawa mwake nkhani ili ponseponse yoti wakhwimira bizinesi pa mwana wake.

Tabeth anachita chimene ankachidziwa. Anakhala pamakina, nasokerera kansanza m'phewa lakumanzere la yunifolomu, natalikitsa mpendero mbali imodzi, namasula m'chiuno. Luwiza akavala ankaoneka woongoka ngati bango. Chaka ndi chaka kansanza kaja kankanenepa, ndipo palibe anaseka mwana wake.

Ali Folomu 3, Luwiza anayamba kupuma mwawefuwefu akangoyenda kamtunda pang'ono. Kuchipatala cha pa Boma anawatumiza ku Lilongwe.

Kumeneko dokotala wa mafupa anauza Luwiza kuti avule diresi, avale chovala chakuchipatala, awerame. Nthiti zakumanja zinatukumuka poyera. Kenako anaika chithunzi cha ekisire pagalasi lowala. Msana unali utapindika kawiri, ngati chilembo cha S. Anajambula mzere pafupa lopendekeka kwambiri kumtunda kwa kupindika kwakukuluko, wina palakumunsi, nayeza mmene mizereyo yatasukirana.

"Timayeza ndi madigiri, mayi. Apa ndi 68. Matendawa timawatcha sikoliyosisi. Mtundu uwu umangoyamba wokha mwana akamasinkhuka. Si ndowa, ndipo palibe anamulodza."

Tabeth anapumako pang'ono. "Ndiye mumupatsa mankhwala anji?"

"Akanabwera ali pa 25 kapena 30, mafupa akukulabe, tikanamuveka chovala cholimba chapulasitiki chogwira msana kuti usapitirire. Pano mafupa akhwima, chovalacho sichingathandizenso. Kwatsala opaleshoni, ndipo si yapafupi." Dokotalayo anavula magalasi. Sanafunse mokalipa ayi. "Koma zaka zonsezi palibe anaona? Ngakhale aphunzitsi?"

Tabeth anayang'ana pansi. Diresi la mwana wake linali pamiyendo pake, ndipo zala zake zinali zitagwira kale pa kansanza kaja. Chisoni chimene chinamugwira apo chinaposa cha tsiku limene anaika mwamuna wake m'manda.

Amene anayankha ndi Luwiza, akumwetulira, monyadira zenizeni.

"Sakanaona, adokotala. Amayi anga amatha kusoka."